Zikomo Bambo Amene Munamasula Mabuleki a Njinga Yanga

Ndikuthokoza bambo achikulire amene munaima mutandiona ndikulimbana ndi njinga yamoto yakale, tayala lakumbuyo likukhukhuluzika pansi osazungulira. Dzina lanu simunandiuze, koma ndikhulupirira uthengawu ukupezani.

Njingayi inakhalitsa osayenda, ndiye dzimbiri linagwira kachitsulo kamene kamatambasula ma brake shoe (zitsulo zimene zimagwira kuti tayala liime) mkati mwa drum, chitsulo chonga mphika cha pakati pa tayala. Nditaponda buleki, kanatembenuka osabwereranso. Ena akanangomenya ndi nyundo mpaka kuswa zinthu, koma inu munachotsa tayala, n'kuthira timafuta tomasulira dzimbiri, n'kudikira. Kenako munakagogoda pang'onopang'ono mpaka kanatuluka, n'kukapala ndi sandipepa. Girizi munapaka wochepa kwambiri, n'kundichenjeza kuti asakhudze ma shoe kapena mkati mwa drum, poti buleki ikalowa mafuta siigwira. Sipuling'i munaiyesanso ndi dzanja kuti muone ngati ikubweza bwino. Ndalama munakana, ngakhale malaya anu anada bii.

Achimwene amene munagwirira njinga kuti isagwe, nanunso zikomo kwambiri. Ma shoe aja munati atha, bambo, ndasintha kale.