Chikhalidwe cha ana a eni nthaka chilowe m'kaphunzitsidwe ka tsiku ndi tsiku

Sukulu zambiri zomwe zili ndi ana a eni nthaka, monga Amaori ku New Zealand, Anavajo ku United States kapena Ami'kmaq ku Canada, zimakonza tsiku limodzi pa chaka la magule ndi zovala zamakolo, n'kumata zithunzi pakhoma, basi n'kumati zalemekeza chikhalidwe. Tsiku lotere si loipa, koma mwana akabwera mawa lake amapeza kaphunzitsidwe kali komwe kaja. Chimene chimathandiza mwana n'kusintha momwe kalasi imayendera: ndani akulankhula, akulankhula nthawi yanji, akhala ndi ndani, ndipo phunziro likuyambira pa chiyani.

Umboni wabwino uli pa zomwe zinachitika ku Hawaii m'zaka za m'ma 1970, pa pulogalamu yophunzitsa ana aang'ono ya KEEP (Kamehameha Early Education Program) mumzinda wa Honolulu. Ana a Chihawaii ankatsalira m'mbuyo pa kuwerenga. Ofufuza, pakati pawo Kathryn Au, anaona kuti kunyumba anawa amakamba nkhani mothandizana: wina ayamba, wina alowererapo, wachitatu amaliza, ndipo palibe amene amaona ngati wadulidwa mawu. Anaonanso kuti ana amaleredwa kwambiri ndi azikulu awo, choncho anazolowera kufunsa mnzawo osati munthu wamkulu. Aphunzitsi anasiya lamulo loti munthu ayambe wakweza dzanja. Ankakhala ndi kagulu ka ana ochepa n'kuwalola kulankhulira pamodzi za nkhani yomwe awerenga, pamene ana ena onse ankagwira ntchito m'magulu a anayi kapena asanu, anyamata ndi atsikana limodzi. Kuwerenga kunayamba kuyenda bwino.

Ndiye m'zaka za m'ma 1980 njira yomweyo anaitengera ku sukulu ya Rough Rock ku Arizona, kwa ana a Chinavajo. Siinagwire monga inagwirira ku Honolulu. Mwana wa Chinavajo ankalankhula yekha kwa nthawi yotalikirapo, anzake ali chete kudikira kuti amalize. M'magulu osakaniza anyamata ndi atsikana ana sankathandizana, koma atawaika awiriawiri kapena atatuatatu, anyamata paokha atsikana paokha, anayamba kugwirira ntchito limodzi. Anawa sankakondanso kuti nkhani iziduliridwa pakati ndi mafunso. Ankafuna aimve yonse kaye kenako aikambirane. Ichi n'chifukwa chake sindikhulupirira buku lililonse lomwe limati lili ndi njira imodzi yophunzitsira ana a eni nthaka onse. Ku United States kokha mitundu yovomerezeka ndi boma imapitirira 570, ndipo uliwonse uli ndi kaleredwe kake.

Choncho mphunzitsi watsopano ayambe ndi kuona ndi kumvetsera. Masabata oyambirira apite kumisonkhano yomwe aloledwa kufika, aone momwe akulu amalangizira mwana, momwe mwana amaphunzirira ntchito yamanja, ndi zomwe zimachitika mwana akalakwitsa pagulu. M'madera ambiri mwana amayang'ana kaye kwa nthawi yaitali, n'kukayesera payekha, n'kudzaonetsa akadziwa kuti watha. Mwana wotere mukamuimika kubolodi kuti ayese pamaso pa anzake zomwe sanazigwire, amangokhala duu, ndipo mphunzitsi amalemba kuti sadziwa kanthu. Wofufuza wina, Susan Philips, anaziona zimenezi ku Warm Springs m'boma la Oregon: ana omwe ankaoneka osalankhula akafunsidwa mmodzimmodzi ankalankhula bwino ndithu akakhala m'magulu oyendetsa okha. Njira yake ndi yosavuta. Onetsani ntchito yonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, apatseni mpata woyesera awiriawiri, ndipo kuonetsa pagulu kubwere kumapeto. Mukafunsa funso dikirani. Wofufuza za maphunziro Mary Budd Rowe anapeza kuti aphunzitsi ambiri amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha, ndipo akafika pa masekondi atatu mayankho amatalika komanso ana oyankha amachuluka.

Pa zomwe zikuphunzitsidwa, nzeru za makolo zikhale poyambira phunziro lenileni. Ku Alaska, Jerry Lipka wa ku University of Alaska Fairbanks anagwira ntchito ndi akulu komanso aphunzitsi a Chiyup'ik kukonza maphunziro a masamu ochokera pa ntchito zawo, ndipo limodzi ndi lomanga thandala loyanikapo nsomba. Ana amatuluka panja ndi chingwe ndi zikhomo zinayi. Ayenera kutsimikiza kuti ngodya zonse zawongoka, ndipo amadzapeza kuti zingwe ziwiri zopingasa kuchokera ngodya ina kufika ngodya yoyang'anizana nayo ziyenera kufanana kutalika. Kenako funso: ngati chingwe chozungulira ndi mamita 20, thandala likhale lotani kuti pakwane nsomba zambiri? La mamita 2 kwa 8 limapereka malo okwana masikweya mita 16, la 4 kwa 6 limapereka 24, la 5 kwa 5 limapereka 25. Awa ndi masamu omwe ali m'silabasi, osachepetsedwa ngakhale pang'ono. Pomwe ena amalakwitsa ndi kungosintha mayina m'funso la m'buku, maapozi akhale nsomba, kaganizidwe kali komwe kaja.

Kuitana akulu m'kalasi kuli ndi mwambo wake. Funsani wa m'deralo njira yoyenera. Pakati pa mitundu ina ya ku Canada pempho limaperekedwa ndi fodya, pamene kwina zimenezo kulibe. Alipireni monga mulipirira katswiri wina aliyense, konzani mayendedwe awo, ndipo musawapanikize ndi belu la mphindi 40. Gwirizanani pasadakhale ngati ziloledwa kujambulidwa ndi amene adzasunge zojambulazo. Nkhani zina zili ndi nyengo yake: Anavajo amakamba nthano za Coyote, nyama yonga nkhandwe, m'nyengo yozizira yokha. Zina ndi za mwambo ndipo siziyenera kulowa m'kalasi n'komwe. Komanso musamuloze mwana kuti afotokozere kalasi za mtundu wake wonse. Mwina banja lake linalandidwa chilankhulo, ndipo funsolo limangomuchititsa manyazi.

Makolo ena akamazengereza kufika pa sukulu, pali chifukwa. Ku Canada ana pafupifupi 150,000 anatengedwa kupita ku sukulu zogonera komweko, komwe ankalangidwa akalankhula chilankhulo chawo, ndipo zomaliza zinatsekedwa m'zaka za m'ma 1990. Ambiri mwa agogo a ana a lero anadutsamo. Kalata yowaitana ku ofesi ya mphunzitsi wamkulu siingathetse zimenezo. Msonkhano woyamba uchitikire kumalo awo, ndipo uthenga woyamba wopita kunyumba usakhale wa mlandu.

Pa chilankhulo, phunziro la theka la ola pa sabata limaphunzitsa moni ndi mayina a mitundu ya zinthu, silitulutsa wolankhula. Amaori anatsegula kōhanga reo (sukulu ya mkaka ya m'Chimaori) yoyamba mu 1982, momwe ana aang'ono amakhala tsiku lonse ndi agogo olankhula Chimaori chokha. Posakhalitsa anaona kuti anawo akalowa pulayimale ya Chingerezi chilankhulo chimazilala, n'chifukwa chake mu 1985 anatsegula kura kaupapa (pulayimale yophunzitsa m'Chimaori) yoyamba ku Hoani Waititi mumzinda wa Auckland. Ku Hawaii, sukulu ya mkaka ya m'Chihawaii yotchedwa Pūnana Leo inayamba mu 1984, pamene lamulo la 1896 loti sukulu ziziphunzitsa m'Chingerezi linali lisanachotsedwe. Linasinthidwa mu 1986. Amene akuyamba ntchito yotere akonzeretu kalasi yotsatira ana asanafikemo, ndi aphunzitsi ake, poti odziwa chilankhulo bwino nthawi zambiri alibe satifiketi ndipo a satifiketi sachidziwa. Kuphatikiza awiriwa m'kalasi imodzi kumathandiza, bola wodziwa chilankhuloyo asasanduke womasulira chabe. Mayeso nawonso akhale m'chilankhulo chomwe mwana waphunziriramo.

Zonsezi zimatha msanga ngati zadalira mphunzitsi mmodzi wachidwi, chifukwa m'madera akutali aphunzitsi sakhalitsa. Zimakhazikika pomwe eni ake ali ndi mphamvu pa ndalama, pa kulemba aphunzitsi ntchito ndi pa silabasi. Rough Rock inatsegulidwa mu 1966 pansi pa bodi ya Anavajo okhaokha. Ami'kmaq a ku Nova Scotia anasainirana pangano ndi boma la Canada mu 1997 lowapatsa ulamuliro pa maphunziro m'midzi yawo. Gawo 14 la chikalata cha United Nations cha 2007 chokhudza ufulu wa eni nthaka limanena zomwezo, kuti ali ndi ufulu wokhazikitsa ndi kuyendetsa sukulu zawo m'zilankhulo zawo. Komwe ulamuliro wotere kulibe, komiti ya makolo ipatsidwe mpando pa mafunso olembera aphunzitsi ntchito, ndipo voti yawo iwerengedwe.