Nthungululu yanga inadzutsa holo ku Dublin

Tikiti inalembedwa kuti zitseko atsegula 7 koloko, kuimba kuyamba 8. Ine ndinaiwerenga mwakwathu, kuti 8 ndiye kuti 10, ndipo poyamba padutsa kaye mabandi atatu osadziwika. Mayi wachiairishi amene timagwira limodzi ntchito yosamalira nkhalamba anachita kundikoka dzanja kuchokera pomwe tinatsikira Luas, kasitima kam'tauni kaja. Tinakhala pansi kutatsala mphindi khumi, ndipo 8 itangodutsa pang'ono magetsi anathima. Mtima unati myu, ndinkayesa zakwathu zanditsatira.

Dzina la woimbayo ndilisunga, poti wolakwa m'nkhaniyi ndine. Ndi mkulu wa zaka zoposa 70, woti anayamba kuimba ine ndisanabadwe. Pa siteji panali mpando, magitala awiri, botolo la madzi, thaulo, ndi ng'oma yooneka ngati lichero. Ovina kunalibe. Bala anatseka kuimba kutangoyamba, ofuna mowa adikire.

Ng'omayo amati bodhrán. Ndi chikopa cha mbuzi chokungidwa mbali imodzi ya mkombero wathabwa. Dzanja limodzi limagwira kamtengo kamitu iwiri, linalo limalowa kumbuyo n'kumakanikiza chikopa kuti mawu akwere kapena atsike. Kwathu ng'oma ikalefuka timaiwamba pamoto. Kuno vuto limakhala lina: magetsi a pa siteji amaumitsa chikopa mpaka kulira ngati chitini, ndiye amachipaka timadzi ndi chikhatho. Mkuluyo atayamba kamayimbidwe kamene amati jig, kowerenga zisanu ndi chimodzi, thupi langa linati awa ndi manganje. Ndinayamba kuomba m'manja, katatu pomwe phazi lake likugunda kawiri. Mnzanga ananditsina pantchafu.

Anandilongosolera pambuyo pake, ndipo ndinavomereza. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Ukakhala mamita 30 kuchokera pa siteji, nyimbo imakupeza mochedwa pang'ono, kuomba kwako n'kubwereranso mochedwa chimodzimodzi. Pofika kwa woimba wachedwa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu kapena asanu ndi limodzi a sekondi. Kwa munthu amene ali yekha ndi gitala, zili ngati wina akumukoka malaya kumbuyo.

Ndinaika manja pansi pa ntchafu. Ndikanadziwa ndikanakhalira lilime.

Chapakati, mkuluyo anaika gitala pansi, natseka maso, nayamba kuimba popanda choimbira chilichonse. Kaimbidwe aka amati sean-nós, kutanthauza kachikale. Kalibe kugunda koti n'kutsatira ndi phazi. Mawu amawakoka, kuwapinda, kenako amaima kuti apume. Nyimboyo inali ya anthu othawa njala imene inayamba kuno ku Ireland mu 1845, pamene mbatatesi, yomwe ife timaitchula kuti airishi, inaola m'minda. Anthu pafupifupi miliyoni anafa, enanso ochuluka chomwecho anakwera zombo. Ine wochoka kwathu ndi sutikesi imodzi, zinandilowa mpaka m'mafupa.

Atafika pa mawu ena otsika, anakhala chete. Ndinawerenga masekondi atatu, ndinati yatha. Ndipo kwa ine, munthu wakuimbira chonchi sungamuthokoze ndi manja okha. Ndinakweza mutu, dzanja pakamwa, n'kuimasula nthungululu yonse, ija ndinaphunzira kwa agogo, yomveka kutsidya kwa dambo.

Nyimbo inali isanathe. Kunali kupuma chabe, ndime zitatu zikadalipo.

Choipa n'chakuti anthu a kuno nthungululu saidziwa, koma alamu ya moto amaidziwa bwino. Mzere wa kutsogolo kwathu unaimirira wonse. Bambo wina anatola chikhoti, mkazi wake ali kale pakanjira, maso pa kachikwangwani kobiriwira ka potulukira. Kumtunda mipando inayamba kulira phaa, phaa, ikudzipinda. Mnyamata wolondolera anthu anabwera ndi tochi, akuunika kudenga kufuna utsi. Mnzanga anangoloza ine ndi chala, nkhope ataibisa m'mpango.

"Amayi, mwapweteka pena?" anafunsa mnyamatayo monong'ona.

"Ayi, ndakondwa."

Anandiunika kumaso, mwina kuti aone ngati kukondwa kumaoneka choncho, nabwerera kukauza anthu kuti akhale pansi. Mkulu uja sanatsegule maso n'komwe. Anadikira mpando womaliza ulire, nayambira pa mawu omwe anasiyira.

Pamapeto holo yonse inaimirira, kuomba m'manja, malikhweru, kuponda pansi kuti abwerenso. Apo ndiye panali pake pa nthungululu. Ine ndinaomba ndi zala ziwiri.

Kuntchito kwathu amayesa alamu ya moto Lachitatu lililonse m'mawa. Ikangolira, mnzanga uja amasuzumira pakhomo n'kufunsa ngati ndine.