Zikomo, mayi atuluka m'chipatala

Mayi ali kunyumba tsopano. Ambuye alemekezeke. Amvano, achibale, inu munatumiza ya thiransipoti ndi inu munkabwera ndi phala kuwodi, Mulungu akubwezereni pomwe mwachotsa. Koma mundilole ndithokoze mwapadera adokotala a makutu aja a ku Queens, omwe atangosuzumira m'khutu la mayi anati mankhwala odonthezera tisiye, pakufunika CT sikani, yojambula za m'kati mwa mutu.

Ambiri mukufunsa kuti chinali chiyani. Chinali chotupa chosowa kwambiri, dzina lake neuroendocrine tumour, chomera kuseri kwa nembanemba ya m'khutu. Nthawi zambiri sichipweteka ndipo chimakula pang'onopang'ono. Khutu limodzi limangogontha, kumveka lotsekeka, mwina kumalira, n'chifukwa chake wodwala amangopatsidwa mankhwala a mafinya osachira. Pa sikani chimatha kusokonezeka ndi zomera zina za m'khutu zotchedwa cholesteatoma kapena glomus. Chimadziwika bwino kanyama kake kakayezedwa ku labu, n'kupezeka ndi mapuloteni otchedwa synaptophysin ndi chromogranin.

Kuseri kwa nembanembako kuli timafupa titatu topititsa mawu, ndipo chotupachi chimatikulunga. Adokotala sanatibisire: kusiya timafupa tonse kuti khutu lizimva kumatha kusiyanso zotsalira, chotupa n'kumeranso. Pa opareshoni anachotsa chotupacho ndi timafupa tiwiri, za kuikapo kachitsulo ka titaniyamu m'malo mwake tidzakambirana khutu likapola. Mtsempha woyendetsa nkhope umadutsa pomwepo, ukavulala pakamwa pamapotoka. Mayi akumwetulira mbali zonse ziwiri! Manja amenewo Mulungu awasunge. Chotsala n'chakuti chakudya sichikukoma mbali imodzi ya lilime, kamtsempha ka lilime kanakhudzidwa, koma nthawi zambiri zimasintha.

Inu owasamalira, madzi asalowe m'khutu, posamba mutsekepo ndi thonje lopaka Vaseline. Asamine mwamphamvu, poyetsemula ayasamule. Mukaona mafinya onunkha, kutentha thupi, chizungulire chachikulu kapena nkhope yapendekeka, musadikire kuche. Chotupachi chimatha kubwerera ngakhale patapita zaka zambiri, mwa apo ndi apo chimafalikira kumwanabere wa m'khosi, choncho kusikelo kwa makutu sadzasiya kupita.

Enanu munati ndi zakumudzi, mafoni anu n'kuthima pomwepo. Tinakuonani. Khomo n'lotsegula, mubwere mudzawazonde, mukhale kudzanja lawo lamanja kuti akumveni.

Adokotala, munkalowa m'wodi ngakhale mutaweruka kudzaona ngati mayi akutsinzina diso bwinobwino. Mayi akuti nkhuku yanu akusunga, abwera nayo tsiku lochotsa thonje la m'khutu.