Mmene ndinapangira njinga ya matayala atatu yopalasa chotsamira, yoyendera batire

Njinga imene ndinkafuna ndi ija munthu amakhalapo ngati ali pa mpando wandalema, miyendo ili kutsogolo, msana utapuma, koma yokhala ndi mota yamphamvu yoti ikwere chitunda popanda kuwefuka. Mota ndi batire munthu amangogula. Ntchito yeniyeni yagona pokonza njinga yoti ipirire mphamvuyo, ikhote bwino ndiponso iime mukaiuza kuti iime. N'chifukwa chake zamagetsi ndinazisiya kumapeto.

Ndinasankha kuika matayala awiri kutsogolo, limodzi kumbuyo, mtundu umene amautcha tadpole. Mukamanga mabuleki muli pa liwiro, kulemera konse kumakankhikira kutsogolo, ndiye kumeneko n'kumene kukufunika matayala awiri. Akutsogolo ndinaika a mainchesi 20, popeza limu yaing'ono imalimba ikamakankhidwa cham'mbali pokhota. Lakumbuyo ndi la mainchesi 26.

Felemu ndinapanga ndi paipi yachitsulo ya makona anayi, ya 38 mm mbali iliyonse, yokhuthala 1.6 mm. Chitsulo sichivuta kuwotcherera kunyumba kusiyana ndi aluminiyamu, komanso kawirikawiri chimayamba chapindika chisanathyoke. Musawotcherere mbali imodzi mpaka kumaliza, chifukwa kutentha kumakoka chitsulo n'kupotoza felemu. Ine ndinkayamba ndagwiriziza ndi timadontho, n'kuyeza, kenako n'kumawotcherera uku pang'ono, uko pang'ono. Mpando ndinautsitsa kufika pafupifupi 28 cm kuchokera pansi. Njinga ya matayala atatu sipendekeka pokhota ngati ya awiri, choncho mukakhala pamwamba tayala lamkati limanyamuka.

Pamene ndinakhalitsa kwambiri ndi pa chiwongolero, ndipo inunso musathamangepo. Pokhota, tayala lamkati limazungulira bwalo laling'ono kuposa lakunja, motero liyenera kupotoka kwambiri kuposa linzake. Kakonzedwe kameneka kamadziwika ndi dzina la Ackermann. Kuyeza kwake sikufuna makina: ndinamanga chingwe kuchokera pa kingpin, chitsulo chimene tayala lakutsogolo limatembenukirapo, mpaka pakati pa ekiselo yakumbuyo. Bowo lomangapo ndodo yolumikiza matayala awiriwo liyenera kukhala pansi pa chingwecho ndendende, mbali zonse ziwiri. Mukaphonya apa, matayala amakwekwereza pansi pokhota n'kutha msanga.

Kingpin yomweyo siimirira chilili. Imapendekeka kotero kuti mutajambula mzere wodutsa m'kati mwake, ukafike pansi pamalo pamene tayala likugunda msewu. Zikapanda kutero, mabuleki a tayala limodzi akagwira kuposa a linzake, handulo imakusomphokani m'manja. Mutu wa kingpin ndinaugonekanso cham'mbuyo ndi madigiri pafupifupi 12, kuti njinga izidziwongola yokha mukatuluka pokhota. Pomaliza ndinayeza mpata wa pakati pa matayala awiriwo kutsogolo kwake ndi kumbuyo kwake, n'kusintha ndodo mpaka kusiyana kusapitirire 2 mm.

Tcheni ndi yaitali, pafupifupi matcheni atatu a njinga wamba olumikiza, yodutsa pa timawilo pansi pa mpando. Mabuleki ndi a disiki oyendera mafuta, a 180 mm, pa tayala lililonse lakutsogolo. Pa mapedulo ndinaika malamba ogwira chidendene. Ichi musachione chopepuka: phazi likaterereka n'kugunda pansi njinga ili pa liwiro, mwendo umakokeredwa kunsi kwa felemu.

Apa ndinayamba ndaiyendetsa yopanda mota, kupalasa basi, kutsetsereka nayo, kumanga mabuleki mwadzidzidzi, mpaka mtima unakhala pansi.

Mota ndinasankha yokhala m'habu (chapakati penipeni) ya tayala lakumbuyo, ya 72V, ndi kontorola (kachipangizo kolamulira magetsi opita ku mota) ya ma amp 40. Mukachulukitsa ziwirizi mupeza mawati pafupifupi 2,900. Mota ikamapititsa tayala kutsogolo, ekiselo yake imafuna kuzungulira chobwerera, ndipo pa mphamvu yotere imatha kukanula pomwe yamangidwa n'kudula mawaya. Ndinadula zitsulo ziwiri zokhuthala 8 mm, zokhala ndi bowo logwira ekiselo mothina, n'kuzimanga ku felemu ndi mabawuti mbali zonse.

Batire ndi la maselo a lithiyamu otchedwa 18650. Selo limodzi limapereka 3.6V, likadzaza 4.2V. Magulu 20 olumikiza mondondozana amapereka 72V, ndipo akadzaza amafika 84V. M'gulu lililonse ndinaika maselo 6 kuti agawane katundu, onse pamodzi 120. Maselo salumikizidwa ndi mtovu wosungunula, chifukwa kutentha kumawawononga mkati. Ndinagwiritsa ntchito timalamba ta nikelo ndi kamakina kowotcherera timadontho. Kenako ndinaika kachipangizo kotchedwa BMS, koyang'anira kuti gulu lililonse lisadzaze mopyola kapena kutheratu, ndi fyuzi pafupi penipeni ndi batire. Magetsi a 84V amapweteka munthu, ndipo moto wa lithiyamu ndi wovuta kuzimitsa. Ngati simunagwirepo ntchito yotere, gulani batire lopangidwa kale. Langa lili m'bokosi lolimba kuseri kwa mpando, m'munsi, ndipo sindilitchaja ndili m'tulo kapena nditachokapo.

Pa zogwirira mabuleki ndinaikapo timaswitchi todula mota mukangofinya. Ulendo woyamba wa magetsi ndinatsitsa kontorola kufika theka la mphamvu, pamalo opanda magalimoto, ndikumaima pafupipafupi kugwira mota ndi mawaya kuti ndimve ngati zikutentha.

Za malamulo fufuzani musanalowe mumsewu. Ku European Union njinga ya magetsi imatengedwa ngati njinga wamba ngati mota sipitirira mawati 250 ndipo imasiya kuthandiza pa 25 km pa ola. Ku United States lamulo la dziko lonse limanena za mawati osafika 750 ndi mamailosi 20 pa ola. Yangayi yadutsa malire onsewo kutali, ndipo m'mayiko ambiri ingawerengedwe ngati njinga yamoto yofunika kulembetsa.

Popeza munthu umakhala pansi kwambiri, oyendetsa galimoto sakuona msanga, ndiye ndinaika mbendera pa ndodo yaitali ndi nyali kumbuyo. Ndisananyamuke ulendo uliwonse ndimayesa manati a ekiselo yakumbuyo ndi sipanala, n'kufinya masipoko a tayala la mota awiriawiri, popeza amenewa ndi amene amayamba kukhwefuka.