Tinakwera phiri la Zomba wapansi, koma mtima wanga unatsala ku Mulunguzi

Loweruka lapitali tinakwera phiri anthu 9, wapansi osati pagalimoto ayi. Tinakumana m'tauni 6 koloko m'mawa, wina wanyamula mbatata yootcha wina zitumbuwa, ine botolo lamadzi ndi nthochi basi. Tinalowera ku Potato Path, amene munaidutsapo mukuidziwa, njira imangoimirira kuchokera pansi mpaka ku Chawe, pamwamba pa phiri, osakupatsa mpata. Tili pakati mnzathu wina anangokhala pamwala nkuti "amwene ine basi ndabwerera", ndiye tonse tinakhala naye pompo mpaka befu atatha chifukwa tinapangana kuti palibe wosiyidwa.

Koma zomwe ndikufuna ndikuuzeni ndi za m'chigwa cha Mulunguzi. Titadutsa damu tinatsata mtsinje, kudutsa Mandala Falls kulowera ku Williams Falls, eee kumeneko nkwina. Mitengo yachilengedwe yakumana kumwamba moti dzuwa limangodontha apo ndi apo, pansi masamba onyowa, miyala ndere zokhazokha ukaponda mwachibwana wapita. Pena tinavula nsapato kuti tiwoloke, madzi ake ozizira mpaka mafupa kuwawa, tikupatsana dzanja mmodzimmodzi ndipo pokwera gombe la tsidya linalo timagwira mizu, matope mpaka m'zigongono. Pa mathithi penipeni palibe amayankhula, ngakhale ukuwe mnzako sangamve. Ndinasamba kumaso nkukhala phee, kutopa konse kuja kunangochoka.

Ndiye titatuluka m'chigwamo kulowera ku Emperor's View, malo oonerapo kutali, tinadutsa malo oti mitengo inathera, zitsa zokhazokha zina zakuda ndi moto, kutentha kwake ngati si phiri lomwelija. Zinandipweteka zedi abale. Madzi omwe timatsegula pampopi m'tauni muno amachokera mu Mulunguzi momwemu, ndiye ukaona mbali iyi kozizira madzi akuyenda, mbali inayo fumbi, mantha amakugwira ndithu. Amayi osenza nkhuni omwe tinakumana nawo potsika sindingawanene, mtolo wautali kuposa iwo eni ndipo kunyumba ana akudikira nsima.

Pa Emperor's View tinaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje patali, tinadya mbatata zathu zija. Tinafika m'tauni cha m'ma 5 madzulo, mawondo akunjenjemera chifukwa kutsika nkomwe kumapweteka kuposa kukwera. Nsapato zanga mpaka lero zili pakhonde ndi matope ofiira, mwezi wamawa tapangana za ku Chingwe's Hole, dzenje lakuya la paphiri lomweli.