BMW pa msewu wa ku Nkhotakota

Amene amagula magalimoto kuntchito kwathu sanayendetsepo galimoto kupitirira pa Kaphatenga ku Salima. Akanakhala kuti amaudziwa msewu umenewu, sakananditumiza ku Nkhotakota Lachinayi pa BMW 540i, Prado ili chiimire pabwalo ati dizilo palibe.

Masiku enawo anali a nthawi zonse. Lolemba kukatenga alendo kubwalo la ndege la Kamuzu n'kutsika nawo ku Senga Bay, Lachiwiri lonse pamzere wa petulo ku Kamuzu Road, Lachitatu kunyamula a msonkhano. Alawansi ya mwezi watha sinatulukebe, koma imeneyo ndi nyimbo yakale.

Galimoto zapamwamba tili nazo zitatu, Mercedes Benz, BMW ndi Lexus, ndipo zonse zinadutsa m'manja mwanga. Mercedes E-Class ndi ya wokwera. Yathuyi ili ndi mashoko a mpweya, mahampu imangowameza, ndipo mlendo amakhala atagona tisanafike pa Chezi. Chiwongolero chake n'chopepuka koma sichikuuza zambiri za pansi. BMW ndi ya woyendetsa. Potsetsereka pa Mvera, tayala likaponda mchenga umamva m'zikhatho, magiya ake 8 amasintha usanaganize n'komwe, ikakhota siyendamira. Ndimaikonda, sindibisa. Kabatani kozungulira ka iDrive, kosinthira za pa sikirini monga wailesi, umakapeza osachotsa maso pamsewu, pomwe kachitsulo ka ntchito yomweyo mu Lexus GS 350 kamathawa chala ukangogunda bampu. Nayo Benz giya yake ili kumanja kwa chiwongolero, pamene ife okulira pa Toyota tinazolowera indiketa. Mnyamata watsopano wa kuntchito kwathu akafuna kukhota amayamba wakhudza giya.

Koma BMW ilibe sipeya. Matayala ake ndi a run-flat, oyendabe ngakhale ataphwa, a saizi ya 245/40 R19, opyapyala ngati lamba. Opanga amati likaphwa ungayende makilomita 80 osapitirira liwiro la 80. Amanena za msomali, osati maenje a M5, msewu wa ku Nkhotakota.

Tinanyamuka mochedwa chifukwa mayi amene ndinawanyamula anachedwa kumsonkhano. Titadutsa pa Benga kunali kutada. Kutsogolo thiraki ikubwera osatsitsa magetsi, kumanzere bambo wa njinga atamanga matumba a makala. Pakati pathu dzenje. Ndikanazemba, mwina ndikanagunda munthu, mwina kulowa kunsi kwa thiraki. Ndinaponda mabuleki, ndinagwira chiwongolero mowongoka, ndinalowa m'dzenjemo. Phokoso lake mayi aja anakuwa dzina la Yesu. Galimoto sinagwedere kumbali ngakhale pang'ono, apo ndiyenera kuiyamikira. Wanjingayo anapitirira osadziwa n'komwe chimene chamuphonya.

Nditaunika ndi tochi ya foni, tayala lakutsogolo kumanzere linali litang'ambika m'mbali, zala zitatu kulowa, limu itapindika. Run-flat yathera pomwepo. Ikanakhala Lexus ndikanamanga sipeya n'kumapita.

Ndinaimbira abwana. Funso lawo loyamba: "Mumathamanga bwanji, adalaivala?" Osati muli bwanji, osati mlendo wavulala kapena ayi. Ndinawakumbutsa kuti m'logibuku ndinalembamo kalekale kuti galimoto imeneyi isamapite kumpoto, ndiponso kuti tigule tayala limodzi losungira. Akuti za logibuku tikambirana kuofesi.

Mayi aja anangoti, "Achimwene, musadandaule, ndaona ndekha zimene zachitika." Anzawo a ku Nkhotakota anabwera kudzawatenga pa pikapu. Ine ndinagona m'galimoto kudikira bulekidauni, udzudzu wa kunyanja ukundidya, poti injini sindikanaisiya ikulira usiku wonse ndi petulo wovutikira pamzere uja. Mpando wa chikopa wosinthasintha ndi magetsi ndi wabwino poyendetsa, koma pogonapo msana umadziwa.

Lachisanu anaimba mafoni ku Lilongwe konse. Saizi imeneyi ya run-flat kulibe, mpaka aitanitse ku Johannesburg, ndipo ogulitsa akuti ndalama zakunja zikuvuta. Madzulo ake ndinalandira kalata yoti ndifotokoze chifukwa chimene asandidulire mtengo wa tayala ndi limu pamalipiro anga. Inu anzanga mukudziwa malipiro a dalaivala, werengerani nokha miyezi yake.

Loweruka anandipatsa Benz kukanyamula akwati, ndinavala tayi n'kumamwetulira pazithunzi. Kalata ndayankha, ndaphatikizapo fotokope ya tsamba la logibuku lija ndi nambala ya mayi aja, poti anadzipereka okha kuchitira umboni. Akuti tikumana Lolemba 9 koloko.