Theche la mkulu wa mpingo

Ine ndine mkulu wa mpingo, ndipo akandipatsa mpata kutsogolo nyumba zoonetsera vidiyo sindizisiya. Zimajombetsa ana kusukulu, zimaphunzitsa ndewu, zimadya ndalama ya mchere. Mawu amenewa sindibweza. Kungoti munthu sungadzudzule chinthu usakuchidziwa, n'chifukwa chake tsiku la msika pa Lizulu, ndikatha kugulitsa mbatatesi, ndimapita kukachifufuza bwinobwino.

Kafukufukuyu ndi wakale ndithu. Television Malawi isanatsegulidwe mu 1999, ife tinali titayamba kale kuonera karate pa matepi aja ankati akakodwa mwini wake n'kumawapota ndi chala. Zisudzo ndimazikonda, Izeki ndi Jakobo ankandiseketsa mpaka nthiti kupweteka, koma mtima wanga uli pa mateche. Mafilimu a ku Nigeria ayi: mayi kulira gawo loyamba, kulira lachiwiri, mfiti yake n'kudzagwidwa inu mutagona kale. Amene amandimaliza ndi anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa. Mtchaina ali pamwamba pa phiri kwawo, lupanga kumanja, koma pakamwa pake pakutuluka dandaulo la mtengo wa feteleza. Anyamata amenewa nthawi zambiri amaposa filimu imene.

Tsiku limenelo kunali chisanu cha mu Juni, chifunga chitatsika mpaka m'makabichi. Odziwa Lizulu akudziwa kuti msewu wa M1 ndiwo malire, ukaudumpha uli ku Mozambique. Ndinaganizako zodumpha, poti kumeneko si dera la mpingo wathu, koma filimu yabwino inali mbali ya kuno. Ndinakokera chipewa chaubweya mpaka pamphuno, n'kulowa itayamba kale. Muja mawindo amatseka ndi makatoni, masana mumakhala usiku. Ndinapapasa benchi, n'kukhala phee.

Ndewu yomaliza itangoyandikira, ekita atavula malaya, magetsi anathima.

Kunali chiphokoso. "Ndalama zathu! Ndalama zathu!" Mwini vidiyo anati tidikire akagule petulo wa jenereta, ndipo pochoka anakhoma chitseko kunja kuti ena asalowe ulere. Ana anayamba kukangana mumdimamo. Wina anati Bruce Lee akadali moyo, akubisala ku America, malume ake anamuona.

Bodza ndimadana nalo. Ndinangomva pakamwa panga patseguka pokha.

"Iwe mwana, Bruce Lee anamwalira mu 1973 ku Hong Kong ali ndi zaka 32. Malume akowo anaona wina."

Kunati zii. Kenaka kamawu kena: "Akulu, ndiye kuti mumazitsata. Nanga iyiyi ithera bwanji?"

Ndikanakhala chete. Koma taganizani, ana osalakwa alipira ndalama zawo, mapeto sakuwadziwa, pamene ine ndikuwadziwa mpaka malo amene ekita amapukuta magazi pamlomo. Ndinayamba motsitsa mawu, ndithu ngati ndikutsegula pemphero. Posakhalitsa ndinali nditaimirira. Mawu a bwana wa zigawenga ndinkawatulutsira m'mimba, a ekita m'mphuno, zibakera ndinkaziliza ndi pakamwa. Ana aja ankakuwa, "Eeeh! Kenako? Kenako?" Zaka zonse ndakhala ndikulalikira, sindinamvedwepo chonchi. Palibe anagona, palibe anatuluka kuti akataye madzi.

Nditafika pa theche lomaliza, lija ekita amazungulira m'malere, mawu anachepa. Ndinakwera pabenchi, n'kukuwa "Hiyaaa!", n'kuponya mwendo.

Thalauza inati kwee, kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo kwa lamba. Benchi inapendekeka, ine chagada pansi. Nsapato ndiye inanyamuka ulendo wakewake, ndipo kumene inakafikira kunamveka phaa! kenako mawu a munthu wamkulu: "Mayo ine!"

Nthawi yomweyo jenereta inalira kunja, babu n'kuyaka.

Amene anayamba kundizindikira ndi ana anga a Sande sukulu, atatu, atakhala kutsogolo kwenikweni. Chipewa chinali chitagwa. Mmodzi mwa ulemu wake anagwada n'kunena kuti, "Mwaswera bwanji abambo?" Ine ndili gone, miyendo m'mwamba, mphepo ya ku Dedza ikulowa mwaufulu pamene panang'ambika paja.

Koma zimenezo n'zazing'ono. Pakona, atafunda chikhothi, dzanja lina atagwira pachipumi, lina atanyamula nsapato yanga, panali apongozi anga aamuna.

Mundimvetse. Ine ndili pachikamwini, munda umene ndimakumbamo mbatatesizo ndi wa kuchikazi. Chikwatirire mwana wawo, madalawa sindinadye nawo mbale imodzi, tikakumana panjira ndimapatuka, chipewa kumanja. Munthu wake ndi Mngoni wosaseka wamba, amene pamaliro akatsokomola achinyamata amasiya nkhani. Lero ndawadinda chidendene pamphumi, m'nyumba ya vidiyo.

Anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana pansi. Anaimirira pang'onopang'ono, n'kubwera, n'kundipatsa nsapato ija ndi manja awiri.

"Akamwini, katundu wanu uyu."

"Zikomo bambo. Ndimafufuza ana a mpingo."

"Inenso ndimathawa chisanu."

Tinagwirizana chimodzi. Filimu inapitirira, ndipo poti kutuluka pamenepo kukanaonetsa ngati tili ndi mlandu, tinakhala mpaka kumapeto, ine jekete nditamanga m'chiuno.

Pobwerera kumudzi iwo anali patsogolo, ine pambuyo ndikukankha njinga, ndikuyenda timapazi tifupitifupi kuti jekete isaulule zambiri. Tinayenda osalankhula mpaka pa dambo. Pamenepo anaima, osatembenuka.

"Akamwini, mwafotokoza bwino ndithu. Koma amene amafera pamlatho uja si mphunzitsi wake, ndi mchimwene wake. Ndipo theche lija amamenya ndi mwendo wamanzere."

Ndinafuna kutsutsa, chifukwa za mwendozo ananama, ndi wamanja. Koma mkamwini satsutsa apongozi amene wangowatupitsa chipumi.

Madzulo mayi a kunyumba anatenga singano, n'kuitembenuza thalauza ija uku ndi uku. Ndinawauza kuti inang'ambika ndikukweza thumba la mbatatesi pa lole. Anangoti "Oho," n'kumasoka.

"Kwinaku nakonso kwagwa ngozi," anatero patapita kanthawi. "Bambo abwera ndi chotupa pamphumi. Akuti ng'ombe yawaponda kukhola."

"Pepani. Ng'ombe za masiku ano n'zolusa."

"N'zolusadi. Amayi akuti aona bwinobwino pothowa, ng'ombe yake ndi yovala nsapato."